CD ikamadumpha, musathamangire kunena kuti diso latha

Puleya ya CD yokalamba ikayamba kudumphadumpha, chigamulo chimene anthu ambiri amapereka nthawi yomweyo ndi chakuti diso, kachipangizo kokhala ndi laser ndi lenzi kamene kamawerenga chimbale, latha. Nthawi zina amakhala kuti alondola. Koma mwa zinthu zonse zimene zimadumphitsa nyimbo, laser yotha ndi imene iyenera kuganiziridwa pomalizira, chifukwa ndiyo yovuta kuipeza komanso yosachedwa kuwonongeka munthu akamaigwiragwira. Fumbi pa lenzi, girisi wouma, lamba wotamuka, chimbale chokandika, ngakhale sipika yoikidwa pashelefu imodzi ndi puleyayo, zonsezi zimadumphitsa nyimbo mofanana ndendende ndi laser yofooka. Zambiri mwa izi mungathane nazo nokha muli ndi sikuludiraiva, thonje ndi mtima wodekha.

Musanamasule sikulu ngakhale imodzi, mvetserani kaye. Puleya sidumpha mwachisawawa. Imadumpha pa malo ake, pa nthawi yake, pa zimbale zake, ndipo kadumphidweko ndi kamene kamaloza pamene pali vuto.

Zimene zimachitika m'kati chimbale chikamazungulira

Nyimbo zonse za pa CD zili pa mzere umodzi wokha, umene umayambira pafupi ndi bowo la pakati n'kumazungulira mpaka kukafika m'mphepete. Mutati muutambasule, mzerewu ungapitirire makilomita 5. Ndi wothinana kwambiri moti mu milimita imodzi umadutsamo maulendo oposa 600. Pamene nyimbo yoyamba ikuimba, chimbale chimazungulira maulendo pafupifupi 500 pa miniti, ndipo liwirolo limatsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 200 pofika kumapeto. Philips ndi Sony anazikonza choncho pamene CD inkatuluka mu 1982, ndipo puleya iliyonse, yotchipa ndi yodula yomwe, imayendera lamulo lomwelo.

Ndiye taganizirani. Kuwala kwa laser kuyenera kukhala pa kamzere kameneko osaphonya, chimbale chili pa liwiro, chikuvinavina pang'ono m'mwamba ndi pansi popeza palibe chimbale chowongoka kotheratu. Ntchitoyi inagawidwa panayi. Mota ya pakati imazunguza chimbale. Lenzi, kagalasi kakang'ono kaja, imayandama pa timawaya kapena timasipuling'i, ndipo maginito amaikweza ndi kuitsitsa kuti kuwala kugwere pamalo pake. Lenzi yomweyo imasunthanso chammbali kutsatira mzere. Koma kusuntha kwa chammbaliku kuli ndi malire, choncho pali mota ina imene imakoka diso lonse pa kanjanji kachitsulo, kuchoka pakati kupita kunja, mtunda wa masentimita 3 ndi pang'ono pa nthawi yoposa ola lathunthu. Chimodzi mwa zinayizi chikangochedwa, kuwala kumagwera pa mzere wina, ndipo inu mumamva nyimbo yalumpha kapena yabwerera m'mbuyo.

Yesani ndi zimbale zingapo

Tengani chimbale cha ku fakitale chopanda chipsera, china chojambulidwa pa kompyuta cha mtundu wa CD-R, ndi chimene chikukuvutitsanicho. Imbani chilichonse mpaka kumapeto, ndipo nyimbo ikadumpha yang'anani nthawi imene ikuoneka pa sikirini n'kuilemba papepala. N'zotopetsa ndithu, koma pepala limeneli ndi limene lidzakuletseni kugula chinthu chimene sichinawonongeke.

Ngati chikudumpha ndi chimbale chimodzi chokha, pa malo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo mukachiika mu puleya ina chikudumphanso pomwepo, puleya yanu ilibe mlandu. Ngati zimbale zonse zikudumpha cha pa nthawi yofanana, tinene pakati pa miniti 20 ndi 25 kuchokera pachiyambi, kaya nyimbo yake ndi iti, vuto lili pa kanjanji kapena pa magiya, chifukwa nthawi yofanana ikutanthauza malo ofanana pa ulendo wa diso. Nyimbo zoyambirira zikamaimba bwino koma zomalizira n'kumachita chibwibwi, kaikirani chimbale chimene sichikukhala mowongoka pa mota, kanjanji kouma chakumapeto, kapena waya wopita ku diso amene akukokeka. Za ku fakitale zikamaimba bwino koma CD-R n'kumakana, ndiye kuti kuwala kukuchepa: mwina lenzi yada, mwina laser yayamba kufooka. Puleya yodumpha ikangoyatsidwa koma n'kukhazikika ikatentha nthawi zambiri imakhala ndi girisi wolimba kapena makapasita (tizitini tosunga moto ta m'kati mwa puleya) otha. Ndipo yodumpha munthu akaponda pafupi kapena besi ikagunda, vuto lake ndi kugwedezeka.

Chimbale chenichenicho

Anthu ambiri amasamala mbali yonyezimira n'kumaika chimbale patebulo chogonera lebulo, poganiza kuti akuchiteteza. Zoona zake n'zakuti mbali ya lebulo ndiyo yosalimba. Chimbale n'chochindikala milimita 1.2, ndipo pafupifupi konseko ndi pulasitiki woonekera amene laser imadutsamo. Nyimbo zili pamwamba penipeni, pa kansalu kopyapyala ka aluminiyamu kamene kanangophimbidwa ndi vanishi ndi inki ya lebulo. Chipsera cha mbali yonyezimira chimangosokoneza njira ya kuwala, ndipo chingathe kupukutidwa. Chipsera cha mbali ya lebulo chimachotseratu nyimboyo. Kwezani chimbale moyang'anitsa ku nyali: mukaona kuwala kukudutsa pa kamzere kapena pa timabowo, pamenepo palibenso chokonza.

Chimbale chakuda ndi zala kapena mafuta chitsukeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, kenako chipukuteni ndi kansalu kofewa kopanda ulusi wothothoka. Pukutani kuchokera pa bowo kupita m'mphepete, mowongoka, osati mozungulira. Chifukwa chake n'chomveka. Pa CD panalembedwa manambala owonjezera othandiza puleya kubwezeretsa zimene yalephera kuwerenga, ndipo imatha kudzaza mpata wa pafupifupi mamilimita 2 ndi theka motsatira mzere popanda inu kumva kanthu. Chipsera chochokera pakati kupita kunja chimangodula mzere uliwonse pa kachigawo kakang'ono, puleya n'kudutsapo osazindikira. Chipsera chozungulira chimayenda limodzi ndi mzerewo kwa mtunda wautali, ndipo chimatha kukoka kuwala n'kukusocheretsa.

Za mankhwala otsukira mano, zoti amachotsa zipsera, si bodza lenileni. Oyera aja ali ndi timchenga tosalala timene timapala pulasitiki pang'ono n'kusalaza m'mphepete mwa chipsera chosazama. Koma amasiyanso tizipsera tawo tambirimbiri, ndiye ndi njira yoyesa zina zonse zikakanika, ndipo chimbale chimene mumachikonda chiyambeni mwachikopera pa kompyuta. Makina a pa kompyuta ali ndi mwayi umene puleya yakale ilibe: amatha kubwerera pa malo ovuta n'kuwerenga mobwerezabwereza mpaka atapeza zolondola. Mapulogalamu ngati Exact Audio Copy anapangidwira ntchito imeneyi.

Zimbale zina zimawola zokha. Zina za chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 zimasanduka zofiirira kuyambira m'mphepete chifukwa aluminiyamu uja wayamba kudyeka, ndipo nyimbo zomalizira ndi zimene zimayamba kuthetheka. CD-R yosiyidwa padzuwa imazimiririka. Chimbale chomatidwa pepala mbali imodzi chimalemera mopendekeka n'kumanjenjemera pozungulira. Zoterezi musavutike nazo pa puleya, zikopereni zikadali zowerengeka. Dziwaninso kuti mapuleya ambiri akale sawerenga CD-RW, zimbale zotha kufufutidwa n'kujambulidwanso, ngakhale ali abwinobwino, popeza mtundu umenewu umabweza kuwala kochepa kwambiri ndipo unabwera mapuleyawo atapangidwa kale.

Pamene puleya yakhala

Apa sipofunika kuchedwapo. Puleya ikhale pamalo olimba ndi osapendekeka, osati pamwamba pa sipika kapena pashelefu imodzi ndi sipika, ndiponso osati pamwamba pa ampulifaya yotentha. Yesani kuimba ndi mahedifoni masipika atazimitsidwa: kudumpha kukasiya, mwalipeza vuto. Ngati puleyayo mwangoigula kwa munthu wina, itembenuzeni muone pansi pake. Mapuleya ambiri a m'ma 1980 anali ndi masikulu kapena kachitsulo kotsekera makina a m'kati kuti asagwedezeke paulendo, ndipo akasiyidwa omanga puleya imadumpha ndi kakugunda kalikonse. Puleya imene yachoka pozizira n'kulowa m'chipinda chofunda imachita nthunzi pa lenzi. Ichotseni chimbale, isiyeni yoyaka kwa ola limodzi, iyambanso yokha. Kwa kapuleya koyenda nako, yambani ndi mabatire atsopano musanaganize china chilichonse.

Kutsegula

Zulani pulagi kukhoma, osangozimitsa pa batani. Pafupi ndi pamene waya wa magetsi amalowera pali zitsulo zimene zingakugwireni, ndipo makapasita akuluakulu amasunga moto kwa kanthawi ngakhale mutazula. Chachiwiri ndi maso anu. Laser ya CD imatulutsa kuwala kwa mananomita 780, kumene diso la munthu silikuona bwino. Mukayang'ana mumangoona kadontho kofiira kozimiririka, n'kumaganiza kuti n'kofooka, chonsecho mphamvu yake yambiri ili m'mbali imene simukuiona. Musasuzumire mu lenzi puleya ili yoyaka. Mukafuna kudziwa ngati laser ikuyaka, lozetsanipo kamera ya foni chapambali n'kuyang'ana pa sikirini.

Jambulani chithunzi musanachotse chilichonse, ndipo masikulu muziwaika motsatira mmene mwawachotsera, chifukwa ena amaoneka ofanana koma ndi osiyana kutalika.

Chivundikiro chikachoka, pali chinthu chimodzi choyenera kuonera magetsi ali oyaka, manja ali kutali. Tsekani thireyi mulibe chimbale. Puleya yabwino imayamba yakokera diso pakati, kenako lenzi imakwera ndi kutsika kawiri kapena katatu kufunafuna chimbale, ikalephera n'kuima. Yang'anitsitsani, muli chapambali, mmene diso likuyendera popita pakatipo. Likamayenda mosalala ndi kamawu kamodzi kosasintha, ndi bwino. Likamanyanyuka, kuima, kenako n'kudumphira kutsogolo, kapena mota ikamalira ngati ikulemedwa, mwaona kale chimene chikudumphitsa nyimbo. Zulaninso pulagi musanapitirize.

Lenzi

Lenzi yoyera imanyezimira, nthawi zambiri mobiriwira kapena mwabuluu pang'ono. Yakuda imaoneka yotuwa, ngati yaphimbidwa ndi kautsi. Fumbi wamba silivuta. Chovuta ndi utsi wa fodya kapena wa mafuta ophikira, umene umamatirira n'kugwira fumbi lina pamwamba.

Yambani ndi kuuzira pogwiritsa ntchito kampira kopopera mphepo kamene amayeretsera makamera, osati pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi malovu. Kenako tengani kamtengo ka thonje kotokosera m'khutu, kanyowetseni pang'ono ndi spiriti wa isopropyl wa maperesenti 90 kapena kuposa, kafinyeni kuti kasadonthe, n'kukhudza lenziyo mopepuka, mukuzunguza kuchokera pakati kupita kunja. Mudzamva lenzi ikutsika pansi pa thonje. N'chimene imachita, popeza ndi yoyandama, koma musaikanikize mpaka pansi kapena kuikankhira chammbali mwamphamvu, timawaya toigwira tingapindike. Malizani ndi thonje louma ndipo onetsetsani kuti palibe kaulusi kotsalira. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, thina kapena petulo asayandikire: malenzi ambiri ndi apulasitiki ndipo amachita khungu nthawi yomweyo.

Zimbale zoyeretsera zija zokhala ndi timaburashi ine sindiziwerengera kwenikweni. Zimachotsa fumbi lopepuka basi, utsi womatirira siziugwira, ndipo kuti zigwire ntchito puleya iyenera kuyamba yaziwerenga, chinthu chimene puleya yodwala kwambiri imalephera. Phindu lake lili pa puleya ya m'galimoto kapena ina yovuta kutsegula.

Pansi pa lenzi, m'mapuleya ambiri, pali kagalasi kena kopendekeka kamene kamakhotetsa kuwala. Nako kamagwira fumbi. Kuuzira mphepo chapambali pa lenzi kumathandizako, koma kumasula diso kuti mukafikeko ndi thonje ndi njira yachidule yoliphera.

Kanjanji ndi girisi wake

Pa mapuleya amene apitirira zaka 20, apa ndi pamene ndimakaikira kwambiri, kuposa lenzi imene aliyense amathamangirako. Girisi amene anapakidwa ku fakitale amauma ndi zaka. Poyamba amakhala wofewa ndi woyera, kenako amasanduka wachikasu ndi wonanda, pomaliza amalimba n'kugwira fumbi ndi tsitsi. Kumbukirani kuti diso siliyenda mothamanga nyimbo ikamaimba. Limasuntha pang'ono kwambiri, n'kuima, n'kusunthanso. Lenzi imatsatira mzere mpaka kufika kumalire kwake, ndiye mota imapatsidwa moto wochepa kuti isunthe diso lonse kachidutswa. Girisi akalimba, moto wochepawo sukwanira. Diso limakakamira, lenzi imafika pothera n'kutaya mzere, kapena moto umachuluka mpaka diso limanyanyuka n'kupitirira pamene limayenera kuima. Ndi chifukwa chake puleya yotere imatha kudumphira ku nyimbo ya nambala 9 bwinobwino mukadina batani, popeza pamenepo mota imapatsidwa mphamvu zonse, koma n'kumalephera kuimba nyimbo imodzi mpaka kumapeto. Chizindikiro china ndi kudumpha kobwera mwa kanthawi kofanana, masekondi angapo alionse, kapena kubwereza kachigawo kamodzi kosalekeza.

Musakankhe diso ndi chala. M'mapuleya ambiri limalumikizana ndi magiya apulasitiki amene mano ake amathyoka msanga. Pezani giya ya pa mota n'kuizunguza pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala, diso liziyenda lokha kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Chala chanu chidzamva pamene pakulimba. Pukutani kanjanji konse ndi thonje la spiriti, sunthani diso, pukutaninso pamene linakhala, mpaka thonje lizituluka loyera. Chitani chimodzimodzi ndi mano a magiya, dzino ndi dzino, pogwiritsa ntchito kamtengo kotokosera m'mano. Kanjere kamodzi ka mchenga kapena kachidutswa ka girisi wouma pakati pa mano awiri n'kokwanira kudumphitsa zimbale zonse pa miniti yomweyomweyo. Yang'aninso kagiya kakang'ono kamene kali pa mota penipeni. Pulasitiki wake amafota ndi zaka n'kung'aluka motsatira chitsulo, ndipo mng'aluwo umatalikitsa mano awiri moti giya imagunda pa kuzungulira kulikonse. Giya yong'aluka ndi yosintha, guluu sakhalitsa.

Popaka girisi watsopano, chepetsani dzanja. Kadontho kamodzi ka mafuta opepuka a makina osokera pa kanjanji kachitsulo, ndi girisi wopepuka wosadya pulasitiki, monga wa silikoni kapena woyera wa lithiamu, pa mano a magiya, wochepa moti n'kungonyezimiritsa. Girisi wa galimoto ndi wolemera kwambiri, mafuta ophikira amananda pakapita miyezi, ndipo mafuta opopera omasulira dzimbiri amauluka n'kukagwera pa lenzi. Mukatha, yendetsani diso uku ndi uku kangapo kuti mafuta afalikire, n'kupukuta otsala kumapeto kwa kanjanji.

Mapuleya ena akale a Philips, ndi a makampani amene ankagula makina kwa iwo, alibe kanjanji n'komwe. Diso lake lili pa kamkono kozungulira pa nsonga imodzi, monga pa makina a CDM-2 ndi CDM-4. Mukapeza zotere musafunefune popaka girisi. Ingoonani kuti kamkonoko kakuyenda momasuka ndipo waya wake sakukoka.

Waya ameneyu, riboni wopyapyala wafulati wochokera ku diso kupita ku bolodi, amapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse diso likayenda. Pakapita zaka timizere take ta kopa timathyoka m'kati, n'kumalumikizana diso likakhala pakati koma n'kumasiyana likafika kunja. Muyang'aneni pa kuwala, makamaka popindikira. Mutulutseni mosamala pa soketi yake, mutayamba mwamasula kachotsekera ngati kalipo, pukutani nsonga zake ndi spiriti, n'kumubwezera mowongoka mpaka mkati.

Mota ya pakati, kampando ndi lamba

Chimbale chimakhala pa kampando kozungulira kamene kali pamutu pa mota, ndipo pamwamba chimapanidwa ndi kachipewa kokhala ndi maginito. Kampandoka nthawi zambiri kali ndi mkombero wa labala. Labala akada kapena akauma, chimbale chimaterereka, makamaka poyamba pamene liwiro lili lalikulu. Kachitsotso kamodzi pamenepo kamapendeketsa chimbale, ndipo kupendekeka kochepa pakati kumakula pofika m'mphepete, n'chifukwa chake nyimbo zomalizira ndi zimene zimavutika. Pukutani kampando ndi kachipewa komwe, ndipo onani ngati maginito sanatole kachitsulo.

Zunguzani kampando ndi chala. Kayenera kuzungulira mosalala, kopanda phokoso lokhetheka. Kagwedezeni chammbali pang'ono: kakamagwedera kwambiri, mota yadyeka. Mota zotchipa zokhala ndi maburashi zimatha ndithu, ndipo zikamatha chimbale chimachedwa kunyamuka, mwina mpaka mutachikankha, kapena liwiro limasinthasintha. Kusintha mota n'kotheka, koma pali msampha: kutalika kwa kampando kuchokera pa chitsulo chimene mota yamangidwapo kunayezedwa mosamala, ndipo mukaphonya ndi theka la milimita lenzi imavutika kupeza chimbale. Yezani ndi kulemba musanazule. Pa chifukwa chomwechi, puleya imene wina anaikanikiza chimbale mwamphamvu, kapena imene inagwa, imatha kukhala ndi kampando kotsika, ndipo imadumpha ngakhale zina zonse zili bwino.

Lamba wa thireyi amaoneka ngati sakukhudzana ndi kudumpha, koma amakhudzana. M'mapuleya ambiri mota imene imakoka thireyi ndi yomweyo imene imakweza makina onse kuti chimbale chipanidwe. Lamba akatamuka, thireyi imalowa koma kukwezako kumathera panjira, chimbale n'kumazungulira chosagwidwa bwino. Ngati thireyi imazengereza potuluka, kapena imafuna kuithandiza ndi dzanja, sinthani lambayo ndi wina wochepera pang'ono kuposa wotamukayo. Lamba wosungunuka amasiya phala lakuda pa timawilo timene amadutsapo, ndipo lichotsedwe lonse ndi spiriti wina asanalowe. Muli pomwepo, dinani timalabala tinayi kapena titatu timene makina onse akhalapo. Tiyenera kubwerera mukatisiya. Tikauma kapena kuphwatalala, kugwedezeka konse kwa panja kumafika pa diso.

Makapasita

Ngati mwayeretsa zonsezi koma puleya ikudumphabe ikakhala yozizira n'kumachira ikatentha, yang'anani makapasita, tizitini tozungulira tija ta pa bolodi. M'kati mwake muli madzi amene amauma ndi zaka ndi kutentha, ndipo akauma moto wopita ku mamota ndi ku lenzi sukhalanso wokhazikika. Kapasita yotupa pamwamba, yotuluka zoyera kapena zofiirira m'munsi, kapena bolodi lonunkha ngati nsomba mukaliyandikiza chowotcherera mawaya, ndi umboni wokwanira. Tizipuleya toyenda nato ta m'ma 1990 timadwala kwambiri matenda amenewa. Koma makapasita ambiri amafa osaonetsa chizindikiro, ndipo amadziwika ndi mita yowayezera basi. Posintha, nambala ya kukula kwake ikhale yomweyo, ya mavoti ikhale yomweyo kapena yokwererapo, ndipo mwendo wa mbali ya mzere ulowe kumene unali wakale. Ngati simunagwirepo chowotcherera, apa ndi poyenera kupita kwa mmisiri, mutanyamula pepala lanu lija.

Tsopano laser

Laser imafookadi ndi maola amene yagwira ntchito, ndipo kufooka kwake kuli ndi ndondomeko. Imayamba kukana CD-R, popeza zimenezi zimabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi za ku fakitale. Kenako imachedwa kuwerenga chimbale mukangochiika, imadumpha pa tizipsera timene kale inkangodutsapo, imavutika kwambiri ikatentha, ndipo pomaliza imangolemba kuti mulibe chimbale. Mukaona ndondomeko imeneyi lenzi ili yoyera, kanjanji kali kosalala, mota ili bwino, pamenepo mukhoza kunena kuti diso latha.

Pa diso penipeni pali kachipangizo kakang'ono kokhala ndi mpata wa sikuludiraiva, kowonjezera kapena kuchepetsa moto wa laser. Mudzamva anthu akulangiza kuti mungokazunguza pang'ono. Zimagwiradi ntchito, kwa kanthawi. Kuli ngati kukwapula ng'ombe yotopa pangolo: iyenda mapazi angapo, kenako igwa osadzukanso. Mukapitiriza muyeso pang'ono pokha laser imapsa m'kamphindi, ndipo ngati vuto linali girisi ndiye kuti mwapha diso labwinobwino. Tina totere tili pa bolodi la mapuleya akale, tolembedwa FOCUS GAIN, TRACKING GAIN kapena E-F BALANCE. Timeneti timasinthidwa munthu akuyang'ana pa oscilloscope, makina oonetsa mafunde a magetsi pa sikirini, ali ndi buku la mmisiri la puleya imeneyo. Kungotizunguza mongomvera khutu kumawonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndipo mmisiri amene adzalandire puleyayo adzayamba wataya nthawi kubwezeretsa zimene mwasokoneza. Ngati mwatsimikiza mtima kuti muyesabe, chifukwa puleyayo ndi yotayika kale, lembani kachizindikiro pamene kanali ndipo yezani ndi mita musanakhudze, kuti mukhale ndi pobwerera.

Njira yolongosoka ndi kusintha diso lonse. Makampani opanga maso anali ochepa, moti puleya ya dzina lina imapezeka ili ndi diso la Sony, Sanyo kapena Philips m'kati. Musafunefune ndi dzina la puleya, werengani nambala imene ili pa kapepala komatidwa pa disolo, monga KSS-213C, KSS-210A, SF-P101N kapena VAM1202. Chilembo chomalizira chili ndi ntchito, ndipo SF-P101N ili mitundu iwiri, ya mapini 15 ndi ya mapini 16, choncho werengani timizere ta pa riboni musanagule. Ambiri amene akugulitsidwa masiku ano ndi ongotengera, ena abwino, ena ofooka kuposa lakale limene mukuchotsalo, ndiye lakalelo musalitaye. Ngati likupezeka lomangidwa kale pa chitsulo chake pamodzi ndi mamota onse awiri, tengani limenelo: mwasintha diso, kanjanji ndi mota ya pakati nthawi imodzi, ndipo nkhani ya kutalika kwa kampando yatha yokha.

Laser imaphedwa ndi magetsi a m'thupi, aja amathetheka mukagwira chitsulo mutavala juzi. Gwirani chitsulo cha puleya musanagwire diso latsopano, ndipo musakhudze nsonga za soketi yake. Pofuna kuliteteza paulendo, opanga amalumikiza timalo tiwiri pa kabolodi ka disolo ndi kadontho ka mtovu. Kadonthoka kakakhalapo laser siyaka, ndipo anthu ambiri abweza diso labwino poganiza kuti anawagulitsa lakufa. Lowetsani riboni kaye, kenako sungunulani kadonthoko ndi chowotcherera chimene mwangochizula ku magetsi chikadali chotentha, n'kuonetsetsa kuti timalo tiwirito tasiyana. Mapuleya ambiri a chakumapeto kwa m'ma 1990 kupita m'tsogolo amadzisinthira okha miyeso diso latsopano likalowa. Akale okhala ndi tozunguza tija amafuna kuyezedwanso pa oscilloscope. Mukamaliza, musatseke chivundikiro msanga: imbaninso zimbale zitatu zija kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ndipo ngati pa miniti imene munalemba ija pakudumphabe, bwererani ku magiya.